Kope la dijito lolumikiza ku foni: mafunso ndi mayankho musanatulutse ndalama

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe timafunsidwa mobwerezabwereza pa kauntala pathu pa Luchenza, pomwe timakonza mafoni, kutayipa ndi kusindikiza makalata. Ofunsa ambiri ndi makalaliki a kusikelo, alembi a banki mkhonde, aphunzitsi, alangizi ndi ochita geni. Ena anaona kachipangizoka pa Facebook, ena m'bale wawo wa ku Johannesburg wawauza kuti asankhe chomwe akufuna awabweretsere pa Khirisimasi. Tayamba ndi mafunso apafupi, ozama ali kumunsi.

Kodi kope la dijito ndi chiyani kwenikweni?

Ndi chipangizo chomwe mumalembapo ndi dzanja monga mwa masiku onse, icho n'kumasunga zomwe mwalembazo kuti zikaoneke pa foni. Mtundu womwe anthu amafunsa kwambiri ndi wa thabwa lopyapyala, lokula ngati hadikava, lomwe pamwamba pake mumaikapo pepala wamba. M'kati mwa thabwalo muli timawaya tomwe timamva pomwe nsonga ya bolopeni yake yakhudza ndiponso momwe ikuyendera. Inki ikulemba papepala, thabwa nalo likutsata mzere uliwonse. Mukamaliza tsamba mumadina batani, tsambalo limasungidwa, kenako limapita ku foni kudzera pa Bluetooth. Zitsanzo zodziwika ndi Bamboo Slate ndi Bamboo Folio za kampani ya Wacom, zomwe zinatuluka mu 2016.

Gwiritsitsani mfundo iyi kuyambira pano: thabwalo siliona pepala, limangomva bolopeni yake. Zovuta zambiri zomwe tafotokoza m'mayankho otsatirawa zimachokera pamenepa.

Ndaona mitundu ingapo pa intaneti. Yonse imagwira ntchito mofanana?

Ayi, ndipo ogulitsa ambiri amaitchula ndi dzina limodzi, n'chifukwa chake anthu amagula china akufuna china.

Kupatula thabwa lija, pali bolopeni yokhala ndi kakamera kunsonga, monga za Livescribe ndi Neo. Imeneyi siifuna thabwa, koma imafuna pepala lake lomwe linasindikizidwa timadontho ting'onoting'ono kwambiri. Kamera imawerenga timadonthoto n'kudziwa kuti ili patsamba liti komanso pamalo ati. Mukailembera mu kope la pa golosale imangotulutsa inki, palibe chomwe chisungidwe.

Palinso kope lofufutika la Rocketbook. Ili lilibe batire ngakhale waya. Masamba ake ndi oterera, mumalembapo ndi bolopeni ya Pilot FriXion, kujambula tsambalo ndi foni, n'kupukuta ndi kansalu konyowa kuti mulembeponso.

Kenako pali reMarkable ndi Kindle Scribe. Izi ndi matabuleti oima paokha, mumalemba pa sikirini yooneka ngati pepala, ndipo sizidalira foni. Mtengo wake ndi wina. Pomaliza pali timasileti takuda ta mumsika, tomwe tili ndi funso laketake m'munsimu.

Tiuzeni mosazungulira: tigule kapena ayi?

Kwa anthu ambiri a kuno, ayi. Foni yomwe muli nayo kale ikhoza kuchita gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kamera yake, popanda kuwonjezera tambala.

Dzifunseni funso limodzi: kodi zomwe ndimalemba papepala ndimadzazilembanso kachiwiri pa foni kapena pa kompyuta, kapena kuzitumiza kwa munthu wina, pafupifupi tsiku lililonse? Ngati mumalemba n'kutseka kope n'kudzalitsegulanso pamsonkhano wotsatira, chipangizochi chilibe ntchito kwa inu. Chingokuwonjezerani chinthu china chofuna kutchaja ndi kusamala.

Amene chingawapindulire ndi ochepa, koma alipo. Ndi munthu wolemba masamba ambiri patsiku, ali pansi pa denga, ndipo zolembazo zili ndi zojambula, mapu, masamu kapena mivi yolozerana, zinthu zovuta kutayipa pa foni. Mmisiri wojambula mapulani a nyumba pamaso pa mwini nyumba, mphunzitsi wa masamu wofuna kutumiza njira yosovera kwa ophunzira ake, mlembi wa misonkhano yambiri ya ku ofesi. Ngakhale amenewa timawauza kuti ayambe ayesa njira ya kamera kwa mwezi wathunthu.

Ndiye kungojambula tsamba ndi kamera ya foni n'kokwanira?

Nthawi zambiri n'kokwanira, bola mujambule bwino. Anthu ambiri amene amati kamera inawakhumudwitsa amakhala anajambula usiku ndi tochi, foni itapendekeka, mthunzi wa dzanja utagwera pa manambala.

Chitani chonchi. Ikani kope pamalo osalala pafupi ndi khomo kapena zenera, kuwala kubwere cham'mbali. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu, chifukwa foni yokhala m'thumba limodzi ndi ndalama ndi mtedza imakhala ndi mafuta pagalasi. Foni ikhale pamwamba penipeni pa tsamba, ngodya zonse zinayi zioneke. Ngati muli ndi Google Drive pa foni ya Android, muli batani losikanira lomwe limadula m'mbali, kuwongola tsamba ndi kulumikiza masamba angapo kukhala PDF imodzi. Adobe Scan ndi CamScanner nazo zimachita zomwezo. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwa ndipo timanambala tating'ono timasokonekera. Fayilo iliyonse ipatseni dzina loyamba ndi tsiku, kenako nkhani yake, kuti mudzaipeze mosavuta pakapita miyezi.

Kamera ili ndi chinthu chimodzi chomwe thabwa silingachite: imaona zonse zili papepala. Chidindo, chala cha inki cha munthu wosatha kusaina, mizere yosindikizidwa, siginecha yomwe wina walemba ndi bolopeni yake, zonsezo zimatuluka.

Pomwe thabwa limaposa kamera ndi apa: silifuna kuwala, zolemba zimatuluka zoyera zopanda mthunzi, fayilo imakhala yaing'ono, ndipo simuima kuti mujambule tsamba lililonse. Pakatha mwezi woyeserera uja mudzadziwa nokha. Ngati munajambula masiku onse ndipo kujambulako kunakutopetsani chifukwa cha kuchuluka kwa masamba, pamenepo nkhani yogula ndi yomveka. Ngati pofika sabata yachiwiri munali mutasiya kale kujambula, ndiye kuti batani la thabwa nalonso mukanasiya kulidina.

Nanga timasileti takuda totchipa tomwe tikugulitsidwa m'misika ndi m'mashopu a ku Limbe?

Timeneti sitisunga kalikonse. Sikirini yake imasintha mtundu pomwe mwakanikiza, ndipo kabatire kake kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamangogwira ntchito yofufuta. Mukadina batani zonse zapita, sizibweranso. Tambiri tilibe Bluetooth ngakhale pobayira waya.

Ndi tabwino kwa mwana wophunzira kulemba zilembo, kapena wogulitsa pa Bvumbwe wofuna kuwerengetsera kasitomala mtengo wa matumba a kabichi n'kufufuta. Musalembepo ngongole. Kumbuyo kapena m'mbali kumakhala kaswichi kokhoma kuti batani lisafufute mwangozi, koma m'chikwama chodzaza kaswichiko kamasuntha.

Kodi chigwira ntchito ndi foni yanga?

Foni ya mabatani, ayi. Pamafunika foni ya Android kapena iPhone yokhala ndi Bluetooth, komanso pulogalamu ya kampani yomwe inapanga chipangizocho. Za Wacom zinapangidwa kuti ziziyendera pulogalamu ya Inkspace, za makampani ena zili ndi zawo, ndipo sizisinthana.

Musanapereke ndalama, tsegulani Play Store pa foni yanu yomweyo, fufuzani pulogalamuyo, ikani, itsegukenso. Izi sizilira chipangizo m'manja. Mafoni ang'onoang'ono a itel ndi Tecno oyendera Android Go, yomwe ndi Android yopepuka ya mafoni otchipa, amakhala ndi malo ochepa, ndipo mapulogalamu ena sapezeka n'komwe pa mafoni otere. Onaninso tsiku lomwe pulogalamuyo inakonzedwa komaliza. Chifukwa chake tafotokoza pa funso la mbiri ya zipangizozi.

Amati chimasandutsa zolemba pamanja kukhala zotayipa. Ndi zoona? Nanga Chichewa chimamva?

Ndi zoona pang'ono. Chipangizo chenichenicho sichiwerenga. Imawerenga ndi pulogalamu, ndipo pa zipangizo zambiri ntchitoyi imafuna intaneti ndi akaunti, kutanthauza kuti bandulo ikatha, kapena mukakhala kumapiri a Thekerani pomwe netiweki ikuvuta, mudikira.

Pulogalamu yowerenga zolemba pamanja imadalira mndandanda wa mawu a chilankhulo chomwe mwasankha. Ikakayika chilembo, imasankha liwu lomwe ikulidziwa. Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chifalansa zimakhalapo, koma pa zipangizo zambiri Chichewa palibe. Zotsatira zake, mukalemba mothamanga Chichewa chanu chimakokeredwa ku mawu a Chingerezi oyandikira. Mayina a anthu ndi a midzi, makamaka a Chilomwe, ndiwo amavulala kwambiri, ndipo kachizindikiro ka mu ng' ndi m' kamasowa kawirikawiri. Mukalemba zilembo zosalumikiza, chilichonse pachokha, zimayenda bwinoko, koma pamenepo liwiro lomwe munagulira chipangizo lapita.

Choopsa kwambiri ndi manambala. Liwu lolakwika mumaliona msanga, koma 1 yemwe wasanduka 7, kapena 4 yemwe wasanduka 9, amaoneka bwinobwino. Pa nkhani ya ndalama ndi makilogalamu, nambala iliyonse yomwe makina awerenga muiyerekeze ndi pepala musanaitumize.

Ndine mlembi wa banki mkhonde. Chingandithandize kusunga masheya ndi ngongole?

Funsoli ndi lomwe timalandira kwambiri, makamaka ikayandikira nthawi yogawana kumapeto kwa chaka, pomwe mikangano ya ziwerengero imabuka. Yankho lathu, mayi kapena bambo mlembi, ndi lakuti musasiye kaundula wanu, ndipo thabwa silikuyenerani.

Taonani momwe tsiku la msonkhano limayendera. Mwatsegula hadikava yomwe munajambula kale mizere ndi rula: dzina, masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa, siginecha. Mayina munalemba mwezi wa Januwale. Lero mukungowonjezera nambala imodzi kutsogolo kwa dzina lililonse, kenako mutembenuza masamba kubwerera m'mbuyo kukaona ngongole ya mwezi watha, mulembepo kuti yabwezedwa, mubwererenso kutsogolo. Thabwa lija silidziwa kuti mwatembenuza tsamba. Siliona mizere yanu ngakhale mayina omwe analembedwa kale. Chomwe chifike pa foni ndi manambala oyandama pa tsamba loyera, opanda dzina la mwini wake, ndipo zomwe munalemba patsamba la mwezi watha zidzagwera pamwamba pa za lero ngati simunadine batani pakati pake. Hadikava nayonso ndi yokhuthala. Thabwa limamva bolopeni pokhapokha mulu wa mapepala ukhale wopyapyala.

Tsono pali nkhani ya chikhulupiriro. Mamembala amakhulupirira buku chifukwa aliyense angathe kuligwira, kuona siginecha yake kapena chala chake, ndi kuona pomwe pafufutidwa. Fayilo yomwe ili m'foni ya munthu mmodzi, yomwe mwini foniyo angathe kuisintha ali yekha, siingathetse mkangano. Ikhoza kuuyambitsa.

Chomwe chimathandiza magulu ndi chapafupi. Msonkhano ukatha, anthu asanabalalike, jambulani masamba a tsikulo pamaso pa onse n'kutumiza kwa wapampando, msungichuma ndi membala wina mmodzi, kapena pa gulu la WhatsApp ngati mamembala agwirizana choncho. Tsiku ndi nthawi yotumizira zimakhala umboni paokha, ndipo palibe amene angasinthe nambala m'buku pambuyo pake osagwidwa.

Ndimagwira ntchito panja, kusikelo ya tiyi ndi m'minda. Chipirira mvula ya kuno?

Zambiri mwa zipangizozi zinapangidwira m'maofesi, sizotchinga madzi. Pobayira tchaja pamakhala potseguka, ndipo chinyontho chikalowa chimadya timawaya pang'onopang'ono. Kuno tiyi amachuluka nthawi yomwe mvula yachuluka, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndiye kuti masiku omwe kalaliki ali ndi mzere wautali wa madengu ndi omwenso manja ake ndi onyowa ndipo masamba akudontha. Ikatha mvula kumabwera chiperoni cha mu Juni ndi Julaye, chomwe sichioneka ngati mvula koma chimanyowetsa chilichonse.

Pepala likanyowa bolopeni imakana kulemba. Ozolowera ntchito ya panja amasinthira ku pensulo, yomwe imagwira ngakhale pa pepala lachinyezi. Ndi thabwa simungatero, chifukwa limamva bolopeni yake yokha. Rocketbook ndiye musayese n'komwe: madzi ndiwo chofufutira chake, dontho limodzi likhoza kuchotsa mzere wonse. Inki ya FriXion imazimiriranso ikatenthedwa kufika cha m'ma 60 digiri, choncho kope loiwalika pa dashibodi ya galimoto padzuwa la Okutobala, kapena pafupi ndi mbaula, lingathe kutsala loyera.

Kumbukiraninso kuti mlimi amene wabweretsa masamba ake amafuna kupita ndi umboni m'manja, kapepala kapena nambala yolembedwa m'kabuku kake. Ndipo kumene sikelo yolumikizidwa ku makina inafika kale, makilogalamu amalowa okha, thabwa lilibe chowonjezera.

Kwathu magetsi kulibe, ndipo komwe aliko amazimazima. Batire yake imatha bwanji?

Apa pokha nkhani ndi yabwino. Thabwa silidya moto wambiri chifukwa lilibe sikirini. Bamboo Slate inapangidwa kuti ilembe maola pafupifupi 8 isanafune tchaja, ndipo imasunga masamba okwana 100 m'kati mwake foni ili kutali kapena itazima. Imatchajidwa ndi waya wa USB, ndiye sola yaing'ono kapena power bank zikwanira. Bolopeni ya Wacom ilibe batire, imatenga mphamvu ku thabwa lomwelo. Bolopeni za kamera ndi zomwe zimafuna kutchajidwa pazokha.

Batire ikatha muli pakati polemba, zolemba zanu zilipobe papepala. Chomwe chatayika ndi kope la pa foni lokha, ndipo tsambalo mungathe kulijambula. Vuto lenileni la batire ndi ukalamba, onani funso lomaliza.

Inki kapena mapepala zikatha ndikazipeza kuti?

Funsoli anthu amalifunsa atagula kale, pomwe linayenera kukhala loyamba. Bolopeni zambiri za zipangizozi zimalowa kachubu kakafupi ka inki ka mtundu wotchedwa D1, kosiyana ndi ka bolopeni za mu golosale. M'mashopu a pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Thyolo Boma si katundu wa tsiku ndi tsiku. Munthu wolemba kwambiri kachubu kakafupi sikamukhalitsa. Wokugulirani akubweretsereni timachubu tambiri nthawi imodzi, ndipo tikhale ta mtundu womwe kampaniyo inanena, chifukwa chitsulo cha kachubu kachilendo chingathe kusokoneza momwe thabwa limamvera.

Bolopeniyo ikatayika, thabwa latha ntchito mpaka mutaitanitsa ina. Musaibwereketse pamzere wa ku banki.

Pa mapepala, thabwa ndi labwino chifukwa limalandira pepala lililonse. Bolopeni ya kamera imafuna makope a madontho ochokera kunja. Makampani ena amalola kuti musindikize nokha masamba a madonthowo, koma pamafunika makina osindikizira abwino kwambiri. Fotokope wamba imapha madontho. Kugula bolopeni yotere kuno kuli ngati kugula njinga yomwe matayala ake sagulitsidwa m'dziko muno.

Mtengo wake weniweni ndi wotani?

Mitengo ya m'makwacha imasintha msanga, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho tikupatsani ya m'madola kuti muone kusiyana kwake. Bamboo Slate potuluka inkagulitsidwa pakati pa madola 130 ndi 150 malinga ndi kukula kwake. reMarkable 2 inatuluka mu 2020 pa madola 399. Rocketbook ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi izi. Pamwamba pa mtengowo onjezerani wonyamula, msonkho wa pachipata, timachubu ta inki, ndi bandulo yotumizira mafayilo. Makampani ena amalipiritsanso mwezi ndi mwezi pa ntchito zina za pa intaneti, ndipo malipirowo amafuna khadi lotha kulipira kunja.

Mukapeza chiwerengero chonse, chigaweni ndi mtengo wa hadikava imodzi. Kenako chiyerekezeni ndi mtengo wa foni ya kamera yabwinopo kuposa yomwe muli nayo. Kwa ambiri ndalama yomweyo ikapita ku foni imagwira ntchito zambiri.

Zipangizozi ndi zatsopano? N'chifukwa chiyani mukudandaula za pulogalamu?

Si zatsopano, ndipo mbiri yake ndi yomwe imatichenjeza. Mafoni amakono asanabwere kunali timakompyuta ta m'manja tosungira manambala, kalendala ndi zolemba. Todziwika kwambiri tinali ta Palm, toyamba mu 1996. Polembapo pankafunika kuphunzira kalembedwe kapadera kotchedwa Graffiti, chilembo chimodzichimodzi pa kabokosi kakang'ono, ndipo ena ankatopa nako. Mu 1998 kampani ya Cross mogwirizana ndi IBM inatulutsa CrossPad, thabwa loika pansi pa pepala. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Seiko inatulutsa SmartPad, chikwama chokhala ndi pepala mbali ina, Palm mbali inayo, zolemba n'kumadutsa pa kuwala kwa infrared. Funso lomwe anthu okhala ndi Palm ankafunsa nthawi imeneyo, loti agule thabwa lotere kapena ayi, ndi lomweli mukufunsa lero.

Mu 2010 kampani ya Palm inagulidwa ndi kampani ya HP, ndipo chaka chotsatira HP inasiya kupanga zipangizo za Palm. Amene anali ndi SmartPad anatsala ndi thabwa lamoyo lopanda polumikiza. Chipangizo chodalira chinzake chimafa chinzakecho chikafa, ngakhale icho chisanawonongeke. Masiku ano chinzakecho ndi pulogalamu: kampani ikasiya kuikonza, Android n'kusintha, tsiku lina mudzagula foni yatsopano n'kupeza kuti sizikumvananso.

Choncho musanagule onetsetsani kuti pulogalamuyo imatha kutulutsa zolemba zanu ngati PDF kapena chithunzi wamba, ndipo muzizitulutsa nthawi ndi nthawi, osazisiya m'kati mwa pulogalamu mokha.

Ndikufuna zolemba zanga zisadzatayike ngati momwe zinachitikira nthawi ya namondwe. Chipangizochi chingateteze zimenezo?

Chifukwa ichi ndi cholemera, ndipo timachimva. Namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023, m'madera ambiri a Mulanje, Thyolo ndi Phalombe madzi ndi matope sizinatenge nyumba zokha. Mabuku a magulu, makaundula a mipingo, mapepala a malo ndi masatifiketi zinapita nawo. Ngakhale popanda namondwe, chiswe ndi nkhungu zimadya mabuku m'nyumba zathu mwakachetechete.

Koma chomwe chimateteza zolemba si thabwa. Ndi kukhala ndi kope lina kutali ndi nyumba yanu. Thabwa, foni ndi hadikava zikakhala m'chikwama chimodzi, zimapita limodzi. Akaunti ya Google imapereka malo a 15 GB aulere, okwanira masamba ochuluka zedi. Mafayilo akakwera kumeneko, kaya anachokera ku thabwa kaya ku kamera, foni ikabedwa kapena kumira mudzawapeza pa foni ina, bola mukumbukire imelo ndi pasiwedi. Zilembeni papepala, musunge kwa m'bale wokhulupirika wa mudzi wina. Anthu ambiri amene amabwera pa kauntala pathu atataya foni, chomwe chimawatsekera kunja ndi pasiwedi yomwe anawapangira wogulitsa foni ndipo iwo sanaidziwepo.

Pa mapepala akale monga satifiketi, kamera yokha ndiyo ingathandize.

Ndine mlangizi, ndimalemba mayina a anthu ndi nkhani zawo. Pali vuto kuziika m'pulogalamu yotere?

Lilipo. Zomwe mwalemba zikapita kukasandutsidwa zotayipa, zimadutsa m'makompyuta a kampani ya kunja. Ngati ndi mayina a odwala, a ana, kapena a olandira thandizo, si zanu zoti mungatumize komwe mwafuna. Malawi ili ndi lamulo loteteza nkhani za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo malo ambiri a ntchito ali ndi malamulo awoawo. Funsani akuluakulu anu kaye. Izi zikukhudzanso kujambula ndi foni yanu ndi kutumiza pa WhatsApp.

Ngati bungwe lanu linakupatsani kale tabuleti yokhala ndi mafomu a KoboToolbox kapena ODK, lembani mwachindunji mmenemo.

Mwana wanga ali ku sekondale, wina ali ku yunivesite. Ndiwagulire?

Wa ku sekondale, ayi. Masukulu ambiri salola foni, ndipo popanda foni thabwa ndi chotsamira pepala chabe. Mayeso a MSCE amalembedwa ndi bolopeni papepala. Ndalamayo ipite ku mabuku, kakyuleta ya sayansi ndi nyali ya sola.

Wa ku yunivesite, mwachitsanzo wophunzira uinjiniya ku MUST ku Ndata, ali m'gulu lija lomwe chingalipindulire, poti zolemba zake n'zodzaza masamu ndi zojambula. Komabe ngati alibe laputopu, yambani ndi laputopu. Mufunseni mwini wakeyo musanagule, adziwa zomwe anzake akugwiritsa ntchito ndi zomwe zangokhala m'masutikesi.

Bwanji osangogula foni yokhala ndi cholembera chake?

Ndi njira yabwino kwa wolemba zazifupi: nambala, muyezo, kachithunzi ka msanga. Samsung inayamba izi ndi Galaxy Note mu 2011, ndipo cholembera cha S Pen chimalemba mwaluso chifukwa sikirini yake inapangidwira chimenecho. Palibe chinthu chachiwiri chonyamula, palibe inki yosaka. Kuipa kwake n'kwakuti sikirini ya foni ndi yaing'ono polemba maminitsi a msonkhano wa maola awiri, galasi limaterera, ndipo ikasweka sikirini ya mafoni amenewa ndi yodula kusintha. Tizolembera ta nsonga ya labala ta mumsika timangolowa m'malo mwa chala, sitisandutsa foni wamba kukhala Note.

Ndapeza cha kaunjika, kapena wina akugulitsa chomwe anachigwiritsapo ntchito. Ndiyese chiyani ndisanalipire?

Pitani ndi foni yanu, pulogalamu ili kale m'kati, ndi mapepala anu. Musavomere kuonetsedwa pa foni ya wogulitsa yokha. Lumikizani nokha, zipangizo zina zimafuna kuti mwini wakale azichotse kaye pa foni kapena pa akaunti yake, ndipo zimenezo zichitike muli pomwepo.

Jambulani mzere kuzungulira m'mphepete mwa pepala lonse, kenako mizere iwiri yopingasa kuchokera ngodya kufika ngodya. Pa foni mizereyo ituluke yosaduka. Pomwe yaduka kapena kukhota ndiye kuti timawaya tapamenepo tinafa, kawirikawiri chifukwa thabwa linapindidwa kapena kukhalidwa. Lembani tsamba lathunthu ndi liwiro lanu lenileni, mopepuka ndi mokanikiza, muone ngati zilembo zina sizikudumphidwa. Zimitsani Bluetooth ya foni, lembani masamba atatu mukudina batani pa lililonse, yatsaninso, muone ngati onse atatu afika.

Batire ya m'kati siichotsedwa mosavuta, ndipo ikakhala miyezi yambiri ili yopanda moto imafooka osadzukanso. Izi zimachitika ngakhale ku chipangizo chomwe sichinatsegulidwepo m'katoni koma chinakhalitsa m'shopu. Pemphani kuti chitchajidwe, chichotsedwe pa waya, chikhale choyaka kwa ola limodzi mukuona. Yang'anani ngati thabwa latupa penapake, ndipo suzumirani pobayira tchaja ngati muli dzimbiri lobiriwira. Pomaliza tulutsani kachubu ka inki, muone ngati ndi ka mtundu womwe mungaupeze, ndipo mufunse ngati pali tina totsala m'katoni. Wogulitsa akakana chimodzi mwa zoyesa izi, musalipire.